Miyala Iwiri M'thumba Limodzi

Madzulo a tsiku loyamba la sabata, pa 11 July, 2021, matimu a mpira wa miyendo a England ndi Italy anakumana pa bwalo la Wembley mu mzinda wa London, m'masewero otsiriza olimbirana chikho cha maiko a ku Ulaya. Anthu a ku England anali asanaonenso timu yao ya amuna ikufika pa ndime yotere chiyambire chaka cha 1966, ndipo mitima inali m'mwamba. Zitatha mphindi 120 zigoli zinali chimodzi kwa chimodzi, chotero mlandu unapita ku mapenate. Anyamata khumi anamenya mpira, asanu mbali iyi ndi asanu mbali inayo, ndipo mwa khumiwo asanu anaphonya. Awiri anali a Italy, Andrea Belotti ndi Jorginho. Atatu anali a England: Marcus Rashford wa zaka 23, amene mpira wake unagunda chitsulo, Jadon Sancho wa zaka 21, ndi Bukayo Saka wa zaka 19 zokha, amene anasenzetsedwa penate yotsiriza, goloboyi Gianluigi Donnarumma naigwira. Onse atatu ndi anyamata a khungu lakuda.

Kunja kusanache, masamba ao a pa intaneti anali atasefukira ndi chipongwe: tizithunzi ta anyani ndi ta nthochi, ndi mau owalamula kuti abwerere kwao. Koma kwao kuti? Saka anabadwira ku Ealing, Sancho ku Camberwell, madera a mu London momwemo. Rashford anabadwira ku Manchester, ndipo m'chaka cha 2020 ndiye anachititsa boma la Britain kusintha maganizo, kuti ana a m'mabanja osauka apitirize kulandira chakudya ngakhale sukulu zitatsekera. Masiku anai asanafike masewerowa, pamene England inagonjetsa Denmark, mpira umene Saka anaponya pakhomo pa golo ndiwo unabala chigoli choyamba cha timu yake, ndipo anthu anamuombera m'manja ngati mwana wa m'nyumba. Lachitatu anali mbadwa. Pofika usiku wa Sande, kwa ena, anali atasanduka mlendo. Chimene chinasintha pakati pa masiku amenewo si magazi ake, kapena kumene kunagwera mchombo wake, koma kumene mpira unalowera.

Alipo abale amene anganene kuti mkristu alibe gawo m'nkhani za mpira ndi za kanema, ndi kuti kukangana pa zotere ndi kutaya nthawi. Za mmene tiyenera kusamalira nthawi yathu ndi phunziro lina, ndipo ndi loyenera ndithu. Koma mikangano imeneyi sinatsale ku mabwalo a masewero. Inalowa m'mafoni athu, ili m'manja mwa ana athu, ndipo mau olembedwa m'menemo amalembedwa za anthu enieni, olengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Pansi pa phokoso lonselo pagona funso lakale zedi, limene Mau a Mulungu salizemba: kodi munthu amakhala wathu chifukwa cha chiyani? Ndipo pomuweruza, kodi timamuika pa sikelo yomweyo imene timaikapo ena?

Kudzudzula ndi kupirikitsa

Tiyambe ndi kunena zoona za mbali zonse. Wosewera mpira aliyense akalakwitsa pa nthawi yoopsa amatukwanidwa, kaya ndi mzungu kaya ndi wakuda. M'chaka cha 1998, David Beckham atatulutsidwa m'bwalo ndi khadi yofiira pa masewero a England ndi Argentina, anthu anapanga chidole chofanana naye ndi kuchipachika pachingwe kunja kwa nyumba ina yomwera mowa ku London. Gareth Southgate, amene anali mphunzitsi wa timu usiku wa 2021 uja, iye mwini anaphonya penate pa Wembley m'chaka cha 1996, ndipo anamuseka zaka zambiri. Nkhanza zimenezo zinali zoipa, ndipo palibe chozichepetsera. Koma taonani kusiyana kwake. Beckham anatchedwa mnyamata wopusa, Southgate anatchedwa wolephera, koma mlandu wao sunafike pa funso lakuti kodi ndi Angerezi enieni. Anakalipiridwa monga ana a m'nyumba amene aswa mbale. Anyamata atatu aja anakalipiridwa monga alendo amene akhalitsa.

Rashford mwini anasiyanitsa bwino zinthu ziwirizi m'mau amene analemba tsiku lotsatira. Anavomereza kuti penate yake sinali yabwino, napepesa chifukwa cha iyo. Ananena kuti akhoza kumva chidzudzulo cha kasewero kake tsiku lonse, koma sadzapepesa konse chifukwa cha chimene iye ali ndi kumene anachokera. Kudzudzula ntchito ya munthu ndi chinthu china, kumulanda malo ake pakati pa anthu ndi chinanso. Choyambacho chimati, walakwa. Chachiwiricho chimati, sunali wathu chiyambire, tinangokubwereka.

Anyamata a ku England sanali oyamba kulawa chowawachi. Mesut Özil anabadwira ku Gelsenkirchen m'dziko la Germany, m'banja lochokera ku Turkey, ndipo anali mmodzi wa iwo amene anabweretsera Germany chikho cha dziko lonse m'chaka cha 2014. Zitapita zaka zinai anajambulitsa pamodzi ndi pulezidenti Erdoğan wa Turkey, timu nkugweranso m'ndime yoyamba ya mpikisano wa 2018, ndipo mkwiyo waukulu unamuunjikira. Panali anthu amene anali ndi zifukwa zomveka zodandaulira chithunzicho, zimenezo sitikana. Koma polengeza kuti waleka kusewerera dzikolo, atalisewerera masewero 92, Özil analemba kuti m'maso mwa mkulu wa bungwe la mpira ndi omutsatira iye amakhala Mjeremani timu ikapambana, koma ikagonja amakhala wobwera. Chaka chomwecho Romelu Lukaku, wobadwira ku Antwerp, anasimba kuti zinthu zikamayenda bwino nyuzipepala zinkamutcha womwetsa zigoli wa ku Belgium, koma zikavuta zinkakumbukira kuonjezapo kuti makolo ake ndi ochokera ku Congo.

Wophunzira Baibulo sangamve zimenezi osakumbukira Yefita wa ku Gileadi. Werengani Oweruza 11:1-11. Munthuyu anali ngwazi, koma amai ake anali mkazi wadama. Ana a mkazi wa m'nyumba atakula anamupirikitsa kuti asagawane nao cholowa, ndipo iye anathawira ku dziko la Tobu, kumene anthu osowa pogwira anasonkhana kwa iye. Masiku anapita. Ana a Amoni atabwera ndi nkhondo, akulu a Gileadi anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mbale wao ku Tobu, nanyamuka kukamutenga. Yefita sanawabisire mau. Anawakumbutsa kuti iwo anamuda ndi kumuchotsa pakhomo pa atate wake, nawafunsa chimene akumufunira tsopano pamene zinthu zawathina. Ndipo asanavomere anafuna kudziwiratu chinthu chimodzi: nkhondo ikadzatha, iye adzakhala yani pakati pao? Anali ataona kale mmene anthu ake amaiwalira msanga, chotero panganolo analimanga pamaso pa Yehova ku Mizipa.

Lembalo silinena kuti akulu aja analapa. Chimene chinasintha ndi zosowa zao. Kodi Yefita akadagonja kwa Aamoni, pobwerera akadamutcha mwana wa yani? Munthuyu sanali wangwiro, ndipo chowinda chake chopupuluma chinagwetsa chisoni m'nyumba mwake. Koma Mzimu wa Yehova unam'dzera popanda kufunsa za amai ake, ndipo dzina lake lili pa Ahebri 11:32 pamodzi ndi la Davide ndi la Samueli.

Mlendo ndi sikelo

Tsopano tsegulani Levitiko 19:33-36, ndipo onani malamulo awiri amene Mulungu anawaika moyandikana. Loyamba likunena za mlendo wokhala pakati pa Aisrayeli, kuti asazunzidwe, koma ayesedwe wobadwira m'dzikomo ndi kukondedwa. Lotsatira pomwepo likunena za zoyesera za pamsika, za utali, za kulemera ndi za kuchuluka, kuti zonse zikhale zolungama. Poyamba tingadabwe kuti nkhani ya mlendo ikukhudzana bwanji ndi nkhani ya sikelo. Deuteronomo 25:13-16 atithandiza. Wamalonda wa masiku amenewo ankayenda ndi miyala yoyesera m'thumba mwake. Wachinyengo ankasunga miyala iwiri yooneka ngati yofanana, wolemerapo wogulira ndi wopepukapo wogulitsira. Aliyense amene anagulitsapo chimanga kapena mtedza kwa mavenda a sikelo yokhotetsa, kapena anayeseredwapo ndi ndowa yobinyira kunsi, akudziwa kuti munthu wotere sanama ndi pakamwa. Amaloza sikelo ndi kunena kuti, dzionereni nokha. Bodza lili m'mwalamo.

Tsankho limagwira ntchito chimodzimodzi. Kawirikawiri silinena bodza loonekeratu. Saka anaphonyadi penate. Özil anajambulitsadi chithunzi. Zonse zimene wonyozayo akuloza zikhoza kukhala zoona, ndipo nchifukwa chake amadziyesa wopanda mlandu, namati iye akungonena za mpira. Chinyengo chili pa kulemera kumene wazipatsa zinthuzo: cholakwa cha uyu chimalemera ngati cholakwa cha munthu mmodzi, cholakwa chomwecho cha winayo chimalemera ngati umboni wotsutsa mtundu wake wonse. Jorginho, amene anaphonya Saka atangotsala pang'ono kumenya yake, anabadwira ku Brazil ndipo anasamukira ku Italy ali ndi zaka 15. Popeza timu yake inapambana, anavina ndi chikho usiku umenewo monga Mtaliyana pakati pa Ataliyana. Mwala wa wobwera umakhala phee m'thumba masiku a chikondwerero; umatuluka tsiku la kugonja, pamene khamu likufuna wina woti limusenzetse manyazi ake.

Onaninso chifukwa chimene Mulungu anapereka pa lamulo la mlendo. Makolo athu anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwambiwu ndi wanzeru, ndipo walera ana amasiye ambiri. Koma theka lake lachiwiri lili ndi kachiwerengero ka phindu: mlere lero, mawa adzakudyetsa. Nanga mwana amene sadzatidyetsa? Levitiko sakulonjeza kuti mlendoyo adzatimenyera nkhondo kapena kutibweretsera chikho. Akungokumbutsa Aisrayeli kuti iwonso anakhalapo alendo ku Aigupto, ndi kuti wolamulayo ndi Yehova. Malo a mlendo akhazikika pa chikumbutso ndi pa dzina la Mulungu, zinthu ziwiri zimene sizisintha ndi zotsatira za masewero. Ngakhale poteteza anyamata atatu aja tiyenera kusamala pamenepa. Ambiri anawaikira kumbuyo pokumbutsa kuti Rashford anadyetsa ana anjala, ndi kuti Saka ndi mnyamata waulemu wokhoza bwino kusukulu. Zonsezo ndi zoona. Koma akadakhala kuti sanadyetse mwana ndi mmodzi yemwe, kodi kumutcha nyani kukadakhala kololedwa?

Mwala wachiwiri uli m'thumba la yani?

Nkwapafupi kwa ife a mu Africa kuwerenga nkhani zimenezi ndi kupukusa mitu chifukwa cha azungu. Koma lamulo la miyala silinalembedwere mtundu umodzi.

Pa 15 July, 2018, France inagonjetsa Croatia zigoli 4 kwa 2 ku Moscow ndi kutenga chikho cha dziko lonse, ndipo anyamata ambiri a timuyo anali ana a makolo ochokera ku Africa. Trevor Noah, wanthabwala wa ku South Africa amene pa nthawiyo ankatsogolera pulogalamu ya pa wailesi ya kanema ku America, ananena moseka kuti Africa ndiye wapambana. Kazembe wa France ku America, Gérard Araud, anamulembera kalata yodandaula. Anati anyamatawo, kupatula awiri, anabadwira ku France, anaphunzira ku France, ndipo kuwatcha Aafirika ndi kuthira mang'ombe mau a iwo amene amati Mfalansa weniweni ndi mzungu yekha. Noah anayankha kuti munthu akhoza kukhala zonse ziwiri, Mfalansa ndiponso mwana wa Africa. Kazembeyo anali ndi mfundo yake, koma ife tiona kuti pamenepa Noah ananena zoona, pakuti munthu sataya agogo ake polandira chiphaso. Paulo anali Myuda wa fuko la Benjamini, mbadwa ya ku Tariso, ndi nzika ya Roma, ndipo chilichonse cha izi anachitchula pa nthawi yake osachita nacho manyazi.

Komabe chimwemwe cha onse amene anafuula kuti "ndi athu" chiyenera kuikidwanso pa sikelo. Kutcha munthu mbale pa tsiku limene wanyamula chikho ndi ntchito imene akulu a Gileadi anaikhoza bwino. M'mwezi wa December, 2022, France itagonja kwa Argentina pa mapenate ku Qatar, Kingsley Coman ndi Aurélien Tchouaméni amene anaphonya analandira chipongwe chonga chija cha ku Wembley, ndipo tsiku limenelo panalibe phwando lolimbirana kuti ndi a yani. Funso lobaya kwambiri ndi ili: atate a mnyamata wotere akadafika pamudzi pathu ali wothawa nkhondo, ali ndi kachikwama kamodzi, akadakhala wathu? Msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa m'chaka cha 1994. Muli achinyamata obadwira momwemo, olankhula Chichewa chosalala ngati cha ana athu, amene anthu ambiri amangowatcha Maburundi ngakhale asanawafunse kwao.

M'chaka cha 2024 mtsikana wina wa zaka 23, Chidimma Adetshina, analowa nao mpikisano wa chiphadzuwa cha South Africa ndi kufika pa ndime yotsiriza. Sitikuyamikira mipikisano yotere, ndipo nkhani yathu si imeneyo. Mtsikanayu anabadwira ku Soweto, bambo ake ndi a ku Nigeria, ndipo mai ake ali ndi mizu ku Mozambique. Anthu atangomva dzina lake, masamba a mchezo anayaka moto: munthu wa dzina lotere sangaimire dziko lathu. Pambuyo pake unduna woona za m'dziko unanena kuti pali zizindikiro zakuti mwina panachitika chinyengo pa zikalata za mai ake m'chaka cha 2001, koma unanenanso kuti mtsikanayo sakadatengako mbali chifukwa anali khanda. Anachoka mu mpikisanowo m'mwezi wa August. Mwezi womwewo anasankhidwa kuimira Nigeria, ndipo mu November anakhala wachiwiri pa mpikisano wa dziko lonse ku Mexico City. Ena anati zimene undunawo unapeza zinasonyeza kuti khamu lija linali pa choonadi. Koma khamulo linayamba kukuwa kafukufuku asanachitike. Umboni wake unali dzina. Woweruza amene wagamula asanamve mlandu sasanduka wolungama chifukwa chakuti mawa lake papezeka kalata.

Werengani Oweruza 12:1-6. Nkhondo ya Aamoni itatha, anthu a Efraimu anabwera ndi ndeu, nanyoza Agileadi kuti ndi othawa chabe. Agileadi atawagonjetsa anatsekereza madooko a Yordano, ndipo aliyense wofuna kuoloka ankamuuza kuti atchule liu lakuti Shiboleti. Lilime la Mefraimu linkalephera, ndipo anaphedwa pomwepo. Onse akufa a Efraimu anakwana 42,000. Kodi ndani anaima pa madooko ndi lupanga? Anali ankhondo a Yefita, munthu amene ankadziwa bwino kuwawa kwa kupirikitsidwa. Kuzunzidwa dzulo si katemera wa tsankho. M'mwezi wa May, 2008, m'dziko limene linali litangomasuka ku ulamuliro wa tsankho zaka 14 m'mbuyomo, zipolowe zothamangitsa alendo zinapha anthu 62, ndipo magulu ena ankaimitsa anthu pamseu ndi kuwafunsa dzina la chigongono m'Chizulu. Mwa ophedwawo, 21 anali nzika za South Africa. Amalawi ambiri anabwerera kwao pa mabasi chimanjamanja, ndipo m'mipingo yathu alimo amene akukumbukira masiku amenewo.

Osakondera ngakhale wosauka

Pali mbali ina imene sitiyenera kuilumpha. Eksodo 23:1-3 akuletsa kufalitsa mphekesera, akuletsa kutsata unyinji pochita choipa, ndipo, chodabwitsa, akuletsanso kukondera mmphawi pa mlandu wake. Levitiko 19:15 akunena chimodzimodzi za wosauka ndi wamkulu. Mulungu amene amateteza mlendo salola kuti timutetezere ndi bodza. Woimbira amene wapereka khadi yofiira kwa wosewera wakuda amene wachitadi nkhanza sali watsankho, ndipo mtolankhani amene walemba kuti wakuti sakusewera bwino akhoza kukhala akunena zoona. Kutcha munthu watsankho popanda umboni ndi kumuchitira umboni wonama. Chithunzi chachikulu cha Rashford chojambulidwa pakhoma ku Withington, mu Manchester, chitadetsedwa ndi mau otukwana usiku womwe uja, ambiri anafulumira kunena kuti anali mau a tsankho; apolisi pambuyo pake ananena kuti mau olembedwawo sanaoneke kuti ndi otero. Kudetsako kunali koipa ndithu, koma choipa chilichonse chiyenera kutchedwa ndi dzina lake.

Mikangano ya m'mafilimu tingaiyese ndi mwala womwewo. Pamene kampani ya Disney inasankha Halle Bailey, mtsikana wakuda, kuti asewere munthu wa m'nyanja m'filimu ya The Little Mermaid imene inatuluka mu 2023, ambiri analusa kuti nthano yaonongeka. Komatu dziko lomwelo linaonera John Wayne akusewera Genghis Khan mu 1956, ndi Laurence Olivier atadzola zakuda kumaso kuti asewere Othello mu 1965. Ndipo ambiri a ife tinaonera moyo wa Yesu m'filimu ya 1979, imene inamasuliridwanso m'Chichewa, mmene Ambuye wathu, Myuda wa ku Galileya, anaseweredwa ndi Mngerezi, Brian Deacon. Amene anameza zonsezi osatsamwa afotokoze chifukwa chake cholengedwa cha m'nthano chamutsamwitsa. Koma chaka chomwecho cha 2023 Aigupto ambiri anadandaula pamene Netflix inaonetsa Cleopatra, mfumukazi ya m'banja lachifumu lochokera ku Makedoniya, monga mkazi wakuda, m'pulogalamu yodzitcha ya mbiri yeniyeni. Ena mwa iwo analankhula mau onyansa a tsankho, koma ena anali kungofunsa kuti mbiri ya dziko lao inenedwe molondola. Ngati timadandaula mbiri yathu ikapotozedwa, sitingawauze iwo kuti akhale chete.

Lilime lasamukira ku chala

Anthu amakonda kunena kuti chipongwe cha pa intaneti chimachuluka chifukwa olembawo amabisa maina. Koma kampani ya Twitter, imene tsopano imatchedwa X, itafufuta mauthenga oposa 1,900 onyoza osewera a England, inanena kuti mwa eni masamba amene inawatsekera, 99 pa 100 alionse anali anthu oti akhoza kudziwika. Bambo wina wa zaka 52 wa ku London anatukwana anyamatawo pa Facebook nkhope yake ikuoneka poyera, ndipo anagamulidwa kukakhala kundende milungu 10. Apolisi a ku Britain anapeza mauthenga 207 ophwanya malamulo; 34 anachokera m'dzikomo, ndipo 123 anachokera kunja. Chimene chimachotsa manyazi si mdima wokha ai, koma khamu. Munthu akaona anzake zikwi akuponya miyala, wake umaoneka ngati kamchenga.

Tiyeneranso kudziwa mmene makinawa amagwirira ntchito. Makampani a masambawa amapeza ndalama zao zambiri potsatsa malonda, chotero amafuna kuti maso athu akhalitse pamenepo. Uthenga umene anthu ambiri akuuyankha ndi kuutumiza kwa anzao ndiwo umakankhidwira patsogolo, ndipo palibe chimene chimayankhidwa msanga kuposa chokwiyitsa. Motero ngakhale munthu wa mtima wabwino amene watumiza chipongwe kwa anzake kuti aone kuipa kwake, wachithandiza kuyenda. Yakobo, m'mutu wachitatu wa kalata yake, anayerekeza lilime ndi kamoto kamene kamatha nkhalango. Ife tikudziwa moto wa osaka mbewa: woyatsayo amafuna kambewa kamodzi, koma mphepo siimufunsa pamene akufuna kuti moto ulekezere. Kale mau oipa ankathera pabwalo la mudzi. Lero chala chimodzi chimawafikitsa kwa mnyamata wa zaka 19 amene ali yekha m'chipinda ku London, ndiponso kwa mwana wina wakuda wa ku Ealing amene akuwerenga ndi kuphunzira kuti malo ake m'dziko lobadwira ndi obwereka.

Izi sizitanthauza kuti tikhale chete. Miyambo 31:8, 9 itiuza kulankhulira iwo amene alibe owanenera. Anthu a ku Withington sanalembe mau otukwana obwezera. Anapita ku khoma lija ndi kuliphimba ndi makalata, maluwa ndi timitima ta mapepala, kufikira mau oipawo sanaonekenso. Koma tisanalembe, kapena tisanatumize uthenga ku gulu la WhatsApp la banja kapena la mpingo, pali kayesedwe kamodzi kamene aliyense angakachite. Sinthani maina. Pamene pali wakuda ikanipo mzungu, pamene pali Mnaijeriya ikanipo mwana wa mlongo wanu amene ali ku Johannesburg, pamene pali wa timu inayo ikanipo wa timu yanu. Kodi chigamulo chanu chikadali chomwecho? Ngati chasintha, pisani dzanja m'thumba.

Pa 6 July, 2024, Sabata litangotha kuno kwathu, England inakumana ndi Switzerland ku Düsseldorf mu mpikisano wotsatira wa chikho chomwe chija. Saka ndiye anabweza chigoli cha Switzerland, ndipo masewero atafikanso pa mapenate anapita yekha kukamenya yachitatu, naugoneka mpira mu ukonde. England inapambana 5 kwa 3. Nyuzipepala zambiri zinalemba kuti mnyamatayo wadziombola, ngati kuti panali ngongole imene anayenera kubweza asanaloledwenso kukhala pakhomo. Tikondwera naye ndithu, koma amene anagoletsa mu 2024 ndi yemwe uja anaphonya mu 2021, mwana wa ku Ealing, ndipo sanabadwenso kachiwiri pakati pa zaka zimenezo. Tsiku limenelo anaphonya munthu mmodzi yekha, Manuel Akanji wa timu ya Switzerland, wobadwira m'dzikomo kwa mai wa ku Switzerland ndi bambo wa ku Nigeria. Kodi iye anagona usiku umenewo ali mwana wa yani?